Mutu 5: Nkhope Yobwereka

1. Mzere wachitatu

Kapensulo anali mtsikana wa Fomu 3. Dzinali anamupatsa ndi anzake a m'kalasi chifukwa anali wamtali, woonda, ndipo pensulo sinkachoka m'tsitsi mwake. Poyamba ankalusa nalo, koma dzina lachipongwe ukamalikana m'pamene limamera mizu. Mapeto ake ngakhale bambo ake anayamba kumuitana choncho.

Amayi ake anamwalira iye ali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Mng'ono wake, amene aliyense ankangomuti Mzime, anali asanayambe n'kuyenda komwe. Tsopano panali patapita zaka zisanu ndi ziwiri.

Zithunzi za amayi zinali m'foni ya bambo, ndipo foniyo inagwera mumgolo wa madzi chaka cha maliro chomwecho. Chinatsala chinali chimodzi chokha, chapepala, chimene chinkakhala m'kati mwa buku la nyimbo pamwamba pa kabati. Chinali cha anthu makumi atatu ogwira ntchito yochapa nsalu za kuchipatala, atandanda m'mizere itatu. Amayi anali mumzere wachitatu, achiwiri kuchokera kumapeto. Nkhope yawo inali yaing'ono ngati njere ya chimanga. Komanso zikuoneka kuti pamene wojambula ankadina, iwo anali akutembenuka kuti ayankhe mnzawo.

Kapensulo ankakumbukira zambiri. Ankakumbukira manja a amayi ake, otuwa ndi sopo, akumupesa tsitsi mosanyengerera. Ankakumbukira mawu awo akumuitana kuchokera pampopi. Koma nkhope inali ikumuthawa. Akatsinzina kuti aione, ankangoona duku lobiriwira ndi khosi, pakati pali mbuu.

Nthawi zina m'basi ankayang'anitsitsa amayi osawadziwa, kufuna mwina wina amukumbutse. Mayi wina anachita kumufunsa ngati ali ndi mawu. Kapensulo ankawasowa amayi ake koopsa, koma zoti nkhope yawo ikumutayika sanauzepo munthu. Ankachita nazo manyazi.

Amene ankatosa pachilonda anali Mzime.

"Achemwali, kodi amayi ankaoneka bwanji?"

"Ankaoneka bwino."

"Bwino ngati ndani?"

"Ngati amayi. Tavala nsapato, iwe, uchedwa kusukulu."

2. Kagudumu kozungulira

Loweruka lililonse m'mawa Kapensulo ankapita kulaibulale, kuchipinda chakumbuyo, kumene kunkachitika maphunziro a makompyuta. Munali makompyuta asanu ndi atatu. Awiri anali atafa kalekale, koma ankawapukutabe fumbi ngati achibale. Ophunzira anali osakanikirana: ana asukulu, amayi ogulitsa pamsika, ndi mlonda wina amene ankafuna kudziwa kulemba kalata yofunsira ntchito yamasana.

Aphunzitsi awo anali bambo achikulire amene anagwirapo ntchito yojambula zithunzi kunyuzipepala. Ana anawapatsa dzina loti a Dikirakaye, chifukwa mawu amenewa sankachoka pakamwa pawo.

"Uthenga ukafika pafoni, dikira kaye," ankatero. "Wautumiza ndani? Iyeyo wautenga kuti? Akufuna kuti iwe utani ukauwerenga? Ukaona kuti wakukwiyitsa msanga kapena wakusangalatsa msanga, pamenepo m'pofunika kukhazika foni pansi. Chala n'chopepuka, ana inu, koma chimene chala chatumiza sichibwezeka."

Tsiku limenelo phunziro linali la kukopera chithunzi chapepala kuti chilowe m'kompyuta. Aliyense anauzidwa kuti abwere ndi chake. Kapensulo anabwera ndi cha amayi ake, atachikulunga m'pulasitiki kawiri. Atachikopera, anachikulitsa pakompyuta, mtima uli m'mwamba. Nkhope ija inakuladi, koma inangosanduka timabokosi totuwa ndi takuda. Anagwa mphwayi.

Pambali pake pankakhala mnzake wotchedwa Zafika, mtsikana amene nkhani iliyonse ankaimva woyamba, ngakhale imene sinachitike.

"Iwe, ukuvutikiranji?" ananong'ona Zafika. "Ndili ndi pulogalamu yokonza zithunzi zakale pafoni panga. Agogo a msuweni wanga anatuluka ngati ajambulidwa dzulo. Tatumiza kuno."

"Tiwafunse kaye aphunzitsi."

"Aaa, akuuza kuti dikira kaye. Wadikira zaka zingati iwe?"

Funsolo linamulasa Kapensulo pamtima. A Dikirakaye anali kutsogolo, akulimbana ndi mlonda uja amene anali ataiwalanso mawu ake achinsinsi olowera m'kompyuta. Kapensulo anatumiza chithunzicho. Zafika anadula kankhope kaja n'kukalowetsa m'pulogalamu. Kagudumu kanazungulira pafoni, kanazunguliranso, kenaka kanaima.

Panaoneka mayi. Maso owala, khungu losalala, mano oyera ondondozana bwino, duku lobiriwira kumutu. Anali akumwetulira, akumuyang'ana Kapensulo m'maso mwenimweni.

Kapensulo anagwira pakamwa. Misozi inangoyamba yokha.

"Amayi," anatero motsitsa mawu.

Sanafunsenso munthu. Potuluka anapatukira kwa mayi wa pakauntala ya laibulaleyo n'kusindikiza chithunzicho papepala lalikulu lonyezimira. Njira yonse anayenda atachifungatira pachifuwa.

3. Likhweru kushedi

Bambo a Kapensulo anali kalipentala. Shedi yawo inali kuseri kwa nyumba, yofolera ndi malata akale, pansi pali utuchi wokhawokha. Chimwalirire mkazi wawo anasanduka munthu wa mawu ochepa. Ankapala matabwa, kudya, kugona.

Asanalandire pepala lija anayamba apukuta manja paepuloni. Analiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anakhala pabenchi.

"Wachitenga kuti?"

"Ndi cha m'buku la nyimbo chija, bambo. Achikonza pafoni."

"Ndi iyeyu," anatero bambowo. "Ndi iyeyu ndithu."

Mzime analumpha ngati waponda moto. "Ndioneko! Ndioneko! Achemwali, taonani mphuno! Ndafanana nawo mphuno!" Tsiku lonse anayenda nacho chithunzicho, mpaka anakaonetsa ana a nyumba yoyandikana nayo kuti adziwe kuti iyenso ali ndi amayi.

Madzulo omwewo bambo anatsitsa thabwa lofiirira limene anakhala akulisunga kudenga kwa zaka zambiri, lomwe ankakaniza makasitomala onse. Anati apanga felemu. Ali mkati mocheka, anayamba kuimba likhweru. Kapensulo anaima pakhomo la khitchini ndi mbale m'manja, kumvetsera. Likhweru limenelo analimva komaliza ali Sitandade 4.

Lachitatu kunabwera amayi aakulu, mkulu wawo wa malemu, amene anali telala kumsika. Anabweretsa yunifolomu ya Mzime imene anaitalikitsa. Mzime anawathamangira ndi chithunzi asanakhale n'komwe.

"Mayi aakulu, taonani!"

Amayi aakulu anavala magalasi awo osokera. Anayang'ana, n'kumwetulira.

"Koma ndiye chiphadzuwa. Ndani ameneyu? Woimba?"

"Ndi amayi!"

Kumwetulira kuja kunazima. Anamutuma Mzime kuti akawatungire madzi akumwa, kenaka anakokera Kapensulo pafupi.

"Mwanawe, dukuli ndi lake, ndinamugulira ndine. Koma munthuyu si mng'ono wanga. Mayi ako anali ndi chipsera apa, pamwamba pa diso lakumanzere. Ndinamugenda ndine ndi chivundikiro cha poto tili ana, tikulimbirana galasi. Dzino lake lakutsogolo linali lobenthuka, n'chifukwa chake poseka ankaphimba pakamwa. Uyu akuseka ngati wotsatsa mankhwala otsukira mano. Mng'ono wanga sanasekepo chonchi."

Kapensulo anachiyang'ananso chithunzicho. "Koma bambo anati ndi iwowo."

Amayi aakulu anatchera khutu kushedi. Likhweru linali likumveka, likusinthana ndi sowo.

"Ndiye zisiye choncho," anatero. "Ukuwamva alamu angawo? Zaka zonsezi akhala ngati nyumba yosamukamo anthu. Ine ndinayesa kuwasekesa, abusa anayesa, zinakanika. Lero aimba likhweru, iwe ukufuna ukawatseke pakamwa? Munthu akapeza pogwira, usamamuchotse dzanja. Ine sindinena kanthu, nawenso usunge pakamwa pako. Chithunzi ndi pepala chabe, sichiluma."

4. Atsikana atatu

Lachinayi ataweruka kusukulu, Kapensulo sanalunjike kunyumba. Anakawapeza a Dikirakaye ali okha m'chipinda chija, akumata waya wa kiyibodi ndi tepi. Anawafotokozera zonse, n'kuwaonetsa chithunzi chakale chija ndi chatsopanocho.

A Dikirakaye sanamukalipire. Anangoti, "Taima apo pakhoma." Anamujambula ndi foni yawo. Chithunzicho anachichepetsa pakompyuta mpaka nkhope yake inasanduka timabokosi ngati ya amayi ake ija. Kenaka anachilowetsa m'pulogalamu yomwe ija. Anatero katatu.

Panatuluka atsikana atatu. Onse anali ndi pensulo m'tsitsi ndi kolala ya yunifolomu. Woyamba anali ndi masaya onenepa. Wachiwiri anali ndi maso aakulu ngati chidole. Wachitatu anali wokongola kwambiri moti Kapensulo anachita naye kansanje.

"Iwe ndiwe uti pamenepa?"

"Palibe, aphunzitsi."

"Palibedi. Tsono tamvera, mwanangu. Makina amenewa sanawaonepo amayi ako. Anaonetsedwa nkhope zambirimbiri za anthu ena, ndiye ukawapatsa timabokosi totere, amangolota. Amatenga diso la uyu, mlomo wa uyo, n'kusoka nkhope yoti ikwane pabowopo. Sabweza chimene chinatayika ayi. Chimene kamera sinagwire tsiku limenelo, palibe foni imene ingachitulutse. Ndipo amakongoletsa dala, chifukwa amene anawapanga amadziwa kuti chinthu chokongola anthu sachifunsa mafunso."

Anavula magalasi n'kuwapukuta ndi malaya.

"Ndagwira kamera zaka makumi atatu. Chimene ndinaphunzira n'chakuti bodza lotukwana si loopsa kwenikweni, chifukwa umaliona likubwera. Loopsa ndi limene lakubweretsera chimene mtima wako wakhala ukulirira. Pamenepo ngakhale wophunzira amaiwala kufunsa. Paja amati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere."

"Mayi aakulu akuti ndi pepala chabe."

"Lero ndi pepala. Mulipachike pakhoma chaka chimodzi, udzandiuze. Ukamadzatsinzina kufuna amayi ako, azidzabwera ndi mayi uyu. Kachidutswa kamene ukukumbukirako kadzafufutika, chifukwa maso amakhulupirira chimene akuona tsiku ndi tsiku. Mng'ono wakoyo adzakula, adzaonetsa ana ake kuti agogo anu ndi awa. Amayi ako enieni, ndi chipsera chawo ndi dzino lawo, adzakhala atamwalira kachiwiri. Ulendo umenewo padzakhala palibe wolira, chifukwa palibe adzadziwe."

Kapensulo anawerama. Dontho la msozi linagwera pakiyibodi, a Dikirakaye n'kulipukuta ndi chala.

"Ndiye nditani, aphunzitsi?"

"Ine ntchito yanga ndi kukuphunzitsa kuona. Zoti ukaona utani, zimenezo n'zako. Amayi ako aakuluwo si opusa, akuwamvera chisoni bambo ako. Koma ukasankha kunena, usakangonena ndi pakamwa pokha. Munthu samukanganitsa pa chinthu chimene akuchikonda, umangomuonetsa."

Anasindikiza atsikana atatu aja papepala limodzi, n'kumupatsa.

5. Mbali iti?

Lachisanu lonse Kapensulo analephera kuwauza bambo ake. Kawiri anafika pakhomo la shedi, kawiri konse anabwerera atamva likhweru.

Pabalaza anapeza Mzime ataimika chithunzi chija pampando, akuchionetsa kope lake la masamu. "Apa ndinakhoza zonse, amayi. Apa aphunzitsi ndi amene analakwitsa." Kapensulo anabwerera chafutambuyo kuti asamusokoneze.

Chovuta chinali chakuti nayenso ankachifuna chithunzicho. Akachiyang'ana, mayi uja n'kumumwetulira, mtima wake unkakhala pansi ngakhale ankadziwa kuti ndi mlendo. Zaka zisanu ndi ziwiri wopanda womumwetulira choncho si masewera.

Loweruka masana bambo anamuitana. Felemu inali pabenchi, yopakidwa vanishi, makona ake olumikizidwa mwaluso popanda msomali. Galasi anali atadula kale.

"Katenge chithunzi chija tichiike. Pabalaza ndakhoma kale popachika."

Kapensulo analowa m'nyumba. Anaima pakati pa chipinda kanthawi, kenaka anatsegula chikwama chake cha kusukulu. Anabwerera kushedi ndi pepala la atsikana atatu n'kuliika pamwamba pa felemu.

"Bambo, ine ndine uti apa?"

Bambo anayang'ana, n'kuseka pang'ono. "Masewera anji amenewa? Iwe palibepo apa. Mwana wanga ndingamusowe?"

"Onsewa atuluka m'chithunzi changa, bambo. M'makina omwe aja anakonza cha amayi." Anawayang'ana m'maso. "Chithunzi chija si cha amayi. Makinawo anangopeka nkhope. Amayi anali ndi chipsera pamwamba pa diso, pachithunzipo palibe. Ndinalakwitsa ndine, ndinathamanga osafunsa. Pepani."

Bambo anatenga kansalu n'kuyamba kupukuta felemu imene inalibe fumbi. Anapukuta mbali zonse zinayi.

"Chipsera," anatero. Anakweza chala n'kugwira pamwamba pa diso lawo lakumanja. Anachisamutsira kumanzere. Kenaka anatsitsa dzanja. "Chinali mbali iti?"

"Kumanzere. Atero mayi aakulu."

Bambo anakhala pansi, pautuchi pomwepo.

"Ndinaona kuti china chake sichili bwino, mwanangu. Tsiku lomwe lija ndinaona. Koma ndinaopa. Ndinati ndikakana, undifunsa kuti nanga ankaoneka bwanji. Ndikanakuyankha chiyani? Zaka khumi ndi chimodzi ndinakhala naye nyumba imodzi, lero ndikatsinzina sabwera. Ndimakumbukira mmene ankakokera mpando, mmene ankatsokomolera, koma nkhope ayi. Ndimayesa ndine ndekha wochimwa chonchi."

"Kwa inenso sabwera, bambo."

Kapensulo anagwada pambali pawo. Aka kanali koyamba kuti awiriwa alire limodzi chichokereni kumanda.

Atadzutsa mitu, anaona Mzime ataima pakhomo. Anali atabweretsa chithunzi chija yekha kuti achiike mufelemu, ndipo anali atamva zonse. Anachibisa kumbuyo.

"Awa ndi anga," anatero. "Inu munawaona enieniwo. Ine ndilibe ena. Musandilande."

Palibe anatambasula dzanja. Bambo anamuyang'ana mwana wawoyo nthawi yaitali. Kenaka anadzuka n'kusasa utuchi pathalauza.

"Sitikulanda, mwanangu. Usunge mpaka uone enieniwo, ukasankhe wekha. Alipo malo amodzi amene tingakawaone. Tsiku la ukwati wathu amalume anu anajambula kanema. Mmenemo amayi anu akuyenda, akuyankhula, akuseka. Tepi yake anasunga iwowo."

Kapensulo anadzidzimuka. Amalume amenewo, mlongo wawo wa amayi, sankatchulidwa m'nyumba muno. Pamaliro anakangana ndi bambo pamaso pa anthu, akuti bambo anachedwa kupita nawo amayi kuchipatala. Pochoka analumbira kuti kalipentala ameneyo akadzangoponda pakhomo pawo, adzamumasulira agalu.

"Koma bambo, si paja anati mukadzafika kwawo..."

"Ndikudziwa zimene ananena, ndinalipo." Bambo anavula epuloni n'kuiponya pabenchi. "Kasambeni m'maso nonse awiri, tikafikeko dzuwa likadalipo. Pachipata muzikayenda pambuyo panga. Ngati agaluwo akadali moyo, akayambira ine."